Funsani Mmisiri: Nyumba Zakale ndi Kutentha kwa Kunyanja

FUNSO: A Mmisiri, ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala pa boma la Salima, m'nyumba ya njerwa zootcha imene malemu bambo anga anamanga m'zaka za m'ma 1970. Nyumbayi ndi yofolera ndi malata ndipo ilibe siling'i. Ukangofika mwezi wa Okutobala, masana m'nyumbamo simukhalika, ndipo usiku adzukulu anga amakakamira kugona pakhonde, pamene udzudzu umawaluma mpaka kucha. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg akuti atitumizire ndalama zogulira zotchinga kutentha zooneka ngati thonje, zimene kumeneko amayala pamwamba pa siling'i. Kodi zimenezi zingathandize m'nyumba yakale ngati yathuyi? — Bambo wa ku Salima

YANKHO: Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha funso lanu, limene likusowetsa mtendere mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja. Mwana wanu sanalakwe, koma chimene akutchulacho ndi ntchito yomalizira, osati yoyambira. Mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita oposa 1,700 ndipo kumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi, choncho anthu kumeneko amayala zinthuzo pofunanso kusunga kutentha m'nyumba. Salima ali m'chigwa, mamita pafupifupi 500 okha kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000. Kwathu kuno chimene tikufuna ndi chakuti kutentha kusalowe masana, ndipo kumene kwalowa kale kutuluke msanga usiku.

Khomo lalikulu limene kutenthaku kumalowera ndi denga. Chakumapeto kwa Okutobala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni m'dera lanulo, ndipo kunja kukamafika madigiri 35, lata lakale limene lada ndi dzimbiri limatha kupitirira madigiri 60. Kutentha kumeneko sikudikira mphepo kuti ikubweretse, koma kumatsika kuchokera ku lata n'kulowa m'matiresi, m'mipando ndi m'makoma, monga momwe moto umakuwambirani kumaso ngakhale mutakhala chapatali. Njerwa zimakusunga tsiku lonse n'kumakutulutsa pang'onopang'ono dzuwa litalowa, n'chifukwa chake adzukulu anu amapeza pakhonde patazizira kale pamene kuchipinda kukadali kotentha.

Musanagule chilichonse, dziwani kaye mmene denga lanu lilili. Masana dzuwa lili pamutu, tsekani zitseko ndi mawindo, kenako muyang'ane kumwamba. Kadontho kalikonse ka kuwala kamene muone ndi bowo la msomali kapena malo amene dzimbiri ladya, ndipo pamenepo mvula idzadontha. Kalipentala akwere ndi msomali m'manja n'kumabaya mitengo yonse ya denga, makamaka kumapeto kumene yatsamira pakhoma, chifukwa thabwa lodyedwa ndi chiswe limaoneka labwinobwino kunja, koma msomali umangolowa mosavuta ndipo m'katimo mumatuluka dothi. Mawaya a magetsi a zaka zimenezo aonedwenso ndi katswiri wovomerezeka asanabisike kuseri kwa siling'i. Ndikutsindika zimenezi chifukwa siling'i imabisa zonse, ndipo zotchinga kutentha zikanyowa zimasiya kugwira ntchito, zimalemera mpaka kugwetsa mabodi, komanso makoswe amamangamo zisa.

Denga likakonzedwa, ndalama yoyamba ipite ku penti. Palani dzimbiri ndi bulashi yawaya, tsukani malatawo, pakani penti yoteteza dzimbiri, kenako penti yoyera ya malata. Mtundu woyera umabweza mbali yaikulu ya dzuwa, pamene mitundu yodera, imene ambiri akuikonda masiku ano chifukwa chokongola, imamwa kutentha. Laimu musungire makoma, chifukwa pamalata sakhalitsa ndipo amadya chikuto chonyezimira chimene chimateteza lata ku dzimbiri.

Ndalama yachiwiri ipite ku siling'i, ndipo apa chofunika kwambiri si mtundu wa siling'iyo ayi, koma mpata wa pakati pa siling'i ndi malata, umene uyenera kumapita mphepo. Boolani malo otulukira mpweya chakumwamba kwa makoma awiri a m'mbali, aja amakwera mpaka pansonga ya denga, ndipo muwatchinge ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono kuti mileme, mbalame ndi udzudzu zisalowe. Siling'i yopanda potulukira mpweya imangounjika kutentha pamwamba panu, ndipo madzulo kumatsikira m'zipinda. Ngati mabodi akwera mtengo, mphasa za bango zokhomedwa bwino pa timatabwa, kapena nsungwi zong'alula, zimatchinga kutentha kwa malata mwakuti kusiyana mudzakumva tsiku lomwelo, malinga zikhale kutali ndi moto komanso zipakidwe mankhwala oteteza kufumbwa. Musazinyoze kuti n'zachimidzi, poti ngakhale malo ogona alendo ambiri kunyanja amazisankha mwadala.

Mukatsala ndi ndalama, gulani pepala lonyezimira la aluminiyamu limene limagulitsidwa m'mipukutu m'masitolo a zipangizo zomangira, mulikhome kunsi kwa mitengo ya denga. Mbali yonyezimira iyang'ane pansi, kumene fumbi silikhala, ndipo isagunde chinthu chilichonse, chifukwa pepalali limagwira ntchito pokhapokha patakhala mpata wa mpweya. Litalikirenso mawaya, popeza limadutsa magetsi. Zonsezi zikatheka, m'pamene zotchinga za mwana wanu zija ziyalidwe pamwamba pa siling'i ya mabodi, ndipo woyalayo avale magolovesi ndi chotchinga mphuno chifukwa zimayabwa kwambiri. Dziwaninso kuti nyumba yotchingidwa chotere imachedwa kutaya kutentha kumene kwalowa, choncho mawindo ayenera kukhala otsekula usiku, ndipo zimenezi zikutifikitsa ku funso la mayi ali m'munsiwa.

FUNSO: A Mmisiri, alangizi a zaumoyo anatiuza kuti titseke mpata wa pakati pa khoma ndi denga chifukwa ndi mmene udzudzu umalowera. Tinamata ndi njerwa ndi matope, ndipo udzudzu unachepadi, koma nyumba yayamba kutentha kuposa kale, makamaka chipinda chakuzambwe chimene amagona apongozi anga okalamba. Kodi tigumule zimene tinamatazo? — Mayi wa ku Nkhotakota

YANKHO: Musagumule, mayi. Alangiziwo ananena zoona, chifukwa udzudzu wofalitsa malungo umatsata fungo la anthu ogona, ndipo ukafika pakhoma umakwera n'kulowera pampata umenewo. Kudera ngati la Nkhotakota, kumene kuli madambo ndi minda ya mpunga, sindingalangize banja lililonse kuti ligule mphepo ndi malungo a ana. Chimene chachitika n'chakuti munatseka njira imene mpweya wotentha unkatulukira popanda kuupatsa njira ina.

Njira inayo ndi timawindo tolowetsa mpweya pamwamba pa makoma, totchingidwa ndi waya wa udzudzu, pamodzi ndi waya womwewo m'mawindo onse kuti muzigona ali otsekula. Muonetsetse kuti mipatayo ili mbali ziwiri zoyang'anana, popeza mphepo silowa bwino m'chipinda chimene ilibe potulukira. Inu muli ndi mwayi umene anthu a kutali ndi nyanja alibe. Nkhotakota ali kugombe lakuzambwe kwa Nyanja ya Malawi, ndipo masiku opanda mphepo yamphamvu kamphepo kamachokera kunyanja masana, pamene usiku kamatembenuka n'kumachokera kumtunda. Nyumba imene ili ndi mipata kuvuma ndi kuzambwe imalandira mphepo zonse ziwiri, malinga zitseko za m'kati zisatsekereze njira yake. Waya umachepetsa mphepo pang'ono ndipo umatsekeka ndi fumbi, choncho muziupukuta ndi bulashi, ndipo masikito musasiye kugonamo.

Chipinda cha apongozi anu chili ndi vuto lakelake. Khoma lakuzambwe limawombedwa ndi dzuwa kuyambira masana mpaka kulowa kwake, nthawi imene mpweya watentha kale, ndipo dzuwalo limakhala litapendeka mwakuti mthunzi wa denga sulitchinga. Mankhwala ake ndi mthunzi wochokera kunja. Katani ya m'kati imathandiza pang'ono chabe, chifukwa dzuwa likadutsa galasi ndiye kuti kutentha kwalowa kale, koma mkeka wopachikidwa kunja kwa windo, motalikirako pang'ono ndi khoma, umaliimitsa lisanafike. Pakani laimu khoma lonselo, ndipo ngati n'kotheka mangani kakhonde ka udzu kapena kachisakasa koyangapo mbewu zoyanga. Bzalaninso mtengo wa mango kapena wa nimu mvula ikayamba, koma pamtunda wa mamita osachepera 5 kuchokera pakhoma, chifukwa maziko a nyumba zakale amakhala osazama ndipo mizu imawang'amba. Pamene mukudikira zonsezi, ndikupempha kuti gogoyo asamukire kuchipinda chakuvuma m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo madzi akumwa azikhala pafupi nawo, chifukwa thupi la munthu wokalamba limafooka msanga ndi kutentha ngakhale mwiniwake asakumva ludzu.

FUNSO: Ndagula nyumba yakale ku Chipoka imene denga lake si la malata koma la mapepala okhuthala otuwa ooneka ngati simenti. Ndikufuna kulipala ndi bulashi yawaya kuti ndipake penti yoyera. Kodi ndiyambe bwanji? — Wowerenga wa ku Chipoka

YANKHO: Chonde, achimwene, musalipale. Madenga ambiri akale a mtundu umenewo anapangidwa ndi simenti yosakaniza ndi asibesitosi, mtundu wa mwala wokhala ndi timaulusi ting'onoting'ono, ndipo fumbi la asibesitosi likalowa m'mapapo limayambitsa khansa ndi matenda ena osachiritsika, amene amadzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Denga lotere likakhala losasweka ndipo palibe amene akuligwiragwira, ngozi yake imakhala yochepa, koma kulipala, kuliboola, kulidula kapena kulitsuka ndi madzi amphamvu ndi kumene kumatulutsa fumbilo. Musakwerepo n'komwe, chifukwa mapepala amenewa akakalamba amathyoka mosachenjeza. Ikani siling'i kunsi kwake mokhoma pa mitengo yokha popanda kukhudza mapepalawo, tsekulani malo otulukira mpweya m'makoma a m'mbali, ndipo muike mthunzi kuzambwe. Ngati mapepala ena asweka kale ndipo mukufuna kusintha denga lonse, pitani kaye ku ofesi yoona za chilengedwe ku khonsolo ya boma la Salima kuti akuuzeni mmene achotsedwere ndi kumene akatayidwe, ndipo zidutswa zake musazipereke kwa aneba kuti afolere khola kapena bafa.