Zimbale za hip hop zimene ulemu wake unabwera mochedwa

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina amene ali pasukulu ku Zomba. Akuti amalume ake sagona osatamanda chimbale cha Jay-Z cha Reasonable Doubt, amvekere palibe china chofika pamenepo. Iye anakafufuza pa intaneti n'kupeza kuti chimbalecho chitatuluka mu 1996 chinangolekeza pa nambala 23 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Ndiye akufunsa kuti: "Ngati eni ake a nthawiyo sanachithamangire, lero chakhala bwanji classic? Kodi si kuti akuluakuluwa akungopukwa unyamata wawo? Ngati zimbale zotere zilipodi, ndiyambire pati?"

Achimwene, nambala mwaipezayo ndi yoona, komanso amalume anu sakukunamizani. Ine chimbale chimene chinachedwa kulemekezedwa ndimachiyesa ndi ana amene chinabereka. Ngati achinyamata opanga nyimbo anabwererako n'kukatapa kalembedwe, kayimbidwe kapena kapangidwe ka biti, mpaka nyimbo za m'badwo wonse zinayamba kumveka ngati icho, ulemu wakewo ndi weniweni. Ngati palibe anatapako kanthu, mwina n'zoona kuti anthu akungopukwa.

Ndiyambe ndi chimene nkhani yake imandigwira mtima kuposa zonse, Paul's Boutique cha Beastie Boys. Anyamata atatu a ku New York amenewa anali atagwedeza dziko ndi Licensed to Ill cha mu 1986, chimbale choyamba cha rap kufika pa nambala 1 pa Billboard 200. Chinali chodzaza magitala, phokoso, mowa ndi chibwana, ndipo aliyense ankadikira kuti chachiwiri chidzakhala chimodzimodzi. Koma iwo anasemphana ndi kampani yawo ya Def Jam pa nkhani ya ndalama, anasaina ndi Capitol Records, anasamukira ku Los Angeles n'kukumana ndi mapulodyusa otchedwa Dust Brothers. Chimene anatuluka nacho mu Julaye 1989 palibe anali atachimvapo. Pafupifupi chilichonse chomveka m'menemo anachidula kuchokera m'malekodi akale, ng'oma kuchoka uku, besi kuchoka uko, liwu limodzi la munthu kuchoka kwina, zonse n'kuzilumikiza mwaluso moti sungadziwe pamene china chathera. Ma sample amenewa anaposa 100. Muli Curtis Mayfield, muli Sly and the Family Stone, muli The Beatles, ndipo pena mumangomva mawu a Johnny Cash akumalizitsa mzere umene mmodzi wa anyamatawo wauyamba. Nyimbo yomaliza imapitirira mphindi 12, ndipo ndi tinyimbo 9 totsatizana popanda kupuma.

Chimbalechi chinalekeza pa nambala 14, ndipo poyerekeza ndi choyamba chija anthu anati chagwa. A kampani sanachikankhenso. Kwa iwo fodya ndi amene ali pamphuno, za zaka khumi kutsogolo alibe nazo ntchito. Chimene chinadzasintha zinthu ndi khoti. Mu Disembala 1991, woweruza milandu wina ku New York, Kevin Duffy, anagamula mlandu wa woimba rap Biz Markie, amene anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo. Chigamulo chake anachiyamba ndi lamulo la m'Baibulo lija loti usabe. Chimbale cha Biz chinachotsedwa m'masitolo, ndipo kuyambira pamenepo makampani anayamba kuumirira kuti sample iliyonse ilipiridwe chimbale chisanatuluke. Mitengo inakwera kwambiri. Paul's Boutique chinasanduka chinthu chimene sichingapangidwenso pa ndalama zomwe anachipangira. Mapulodyusa achinyamata anayamba kuchimvetsera ngati kalasi, kufufuza kuti ng'oma iyi inachokera pa lekodi iti. Pofika mu 1999 chinali chitagulidwa makope 2 miliyoni ku America, mwakachetechete, popanda nyimbo yaikulu ya pa wailesi yochikoka.

Illmatic cha Nas anthu amachiika m'gulu lomweli, ngakhale nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Odziwa anachizindikira tsiku lomwelo. Chinatuluka mu Epulo 1994 Nas ali ndi zaka 20, ndipo magazini ya The Source inachipatsa maiki 5, omwe anali mamalikisi apamwamba kwambiri ndipo sankaperekedwa wamba. Amene anachedwa ndi ogula. Sabata yoyamba chinagulidwa makope pafupifupi 60,000, pamene miyezi yochepa m'mbuyomo Doggystyle cha Snoop Dogg chinaposa 800,000 pa sabata yake yoyamba. Chinafika pa makope 1 miliyoni mu 2001, patatha zaka 7. Zifukwa zake n'zomveka: ambiri anali atachipeza kale pa makaseti okopera chisanatuluke, nyimbo zake ndi 10 zokha, ndipo mulibe yovinira. Ndi mnyamata wa ku Queensbridge, m'dera la Queens ku New York, akufotokoza zimene amaona pa windo la nyumba yawo, anzake amene ali kundende, apolisi, mantha ndi maloto. Bambo ake, a Olu Dara, amaimbamo lipenga kumapeto kwa nyimbo imodzi, ndipo malo amenewo ndi amodzi mwa okoma zedi m'chimbale chonse. Ana a chimbalechi ndi osawerengeka. Ngakhale mchitidwe woitana mapulodyusa otchuka angapo pa chimbale chimodzi, monga anachitira ndi DJ Premier, Pete Rock, Q-Tip ndi Large Professor, unafala kwambiri chimbalechi chitatuluka. Mu 2021 Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inachilowetsa m'kaundula wa nyimbo zoyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko la America.

Tsopano tibwere kwa amalume anu. Reasonable Doubt chinatuluka mu Juni 1996, chaka chimene chinali chothinana koopsa. All Eyez on Me cha 2Pac ndi The Score cha Fugees zinali zitalanda kale mawailesi, ndipo patangotha sabata imodzi Nas anatulutsa It Was Written chimene chinakakhala pa nambala 1. Jay-Z anali ndi zaka 26, makampani akuluakulu anali atamukana, ndipo anachita kuyambitsa Roc-A-Fella Records ndi anzake Damon Dash ndi Kareem Burke. The Source inachipatsa maiki 4, n'kudzasintha kukhala 5 patapita zaka. Makope 1 miliyoni anakwana mu 2002.

Apa ndikuuzani maganizo anga osabisa. Mbali ina ya ulemu wa chimbalechi inabwera chifukwa mwini wake anatchuka pambuyo pake. Vol. 2... Hard Knock Life chitaphulika mu 1998 ndi The Blueprint mu 2001, anthu anabwerera m'mbuyo kukafuna chiyambi chake, ndipo iye mwini sanatope kuwakumbutsa, mpaka mu 2006 anachiyimba chonse pa siteji ya Radio City Music Hall. Ndiye kukayikira kwanu kuli ndi maziko. Komabe amene anabwererawo anakapezako kanthu. Anapeza munthu akukamba za malonda a mankhwala ozunguza bongo mopanda kukuwa, modekha, ngati wamkulu amene akuwerengera phindu ndi mtengo wake, ndipo pansi pa kudzitama konseko mukumveka chisoni ndi kusagona tulo. Kalankhulidwe kameneko ambiri anakatengera. Pali oimba ena otchuka amene zimbale zawo zoyamba anthu anazibwereranso n'kupeza mulibe kanthu, ndipo kutchukako sikunazipulumutse. Mudzawafunse amalumewo kuti anachimva liti koyamba. Kuno TV Malawi inayamba mu 1999, ndipo nyimbo zakunja zambiri zinkafika pa makaseti okopera kapena m'chikwama cha wachibale wochokera ku Joni. N'kutheka kuti iwonso anayamba kumva za Jay-Z wotchukayo, kenako n'kubwerera.

Pali zimbale zina zimene zinachedwa chifukwa opereka mamalikisi anali kutali nazo. M'zaka za m'ma 1990 magazini akuluakulu a hip hop anali ku New York, ndipo oimba a kum'mwera kwa America ankawaona ngati achimidzi. Pa mwambo wa Source Awards mu 1995, OutKast a ku Atlanta atapambana, anthu a muholo anawakuwiza. Chaka chomwecho ku Memphis gulu la Three 6 Mafia linatulutsa Mystic Stylez, chojambulidwa ndi zipangizo zotsika mtengo, chomveka ngati chikuchokera pansi pa nthaka, besi yolemera, ma hi-hat othamanga, ndi Lord Infamous akudula mawu atatuatatu pa biti iliyonse. Olemba nkhani sanachilabadire n'komwe. Lero tsegulani wailesi mumve. Kadulidwe ka mawu kamene Migos anatchuka nako cha mu 2013, mdima umene uli mu nyimbo za mtundu wa trap, ndi mtundu wina wotchedwa phonk umene achinyamata amaika pa mavidiyo a TikTok, mizu yake yambiri ili m'makaseti a ku Memphis a nthawi imeneyo. Ridin' Dirty cha UGK, anyamata awiri a ku Port Arthur ku Texas, chinatuluka mu 1996 popanda vidiyo ngakhale imodzi, koma chinagulidwa ndithu chifukwa anthu akwawo ankauzana okha. Dziko lonse linadzawadziwa Jay-Z atawaitana pa nyimbo yake mu 1999. Kwawo zimbale zimenezi zinali zolemekezeka kuyambira kale, kungoti olemba mbiri anali asanafikeko.

Nkhani ya MF DOOM sindiikamba popanda kumva kuwawa. Dzina lake linali Daniel Dumile, anabadwira ku London, bambo ake anali a ku Zimbabwe, mayi ake a ku Trinidad, ndipo anakulira ku New York. Ali mnyamata anali m'gulu la KMD limodzi ndi mng'ono wake Subroc. Mu 1993 Subroc anagundidwa ndi galimoto n'kumwalira, ndipo posakhalitsa kampani ya Elektra inakana kutulutsa chimbale chawo chachiwiri chifukwa cha chithunzi cha pachikuto, n'kuwachotsa. Dumile anasowa kwa zaka zingapo. Atabwerera anali atabisa nkhope, ndipo mu 1999 anatulutsa Operation: Doomsday pa kakampani kakang'ono ka Fondle 'Em. Ndi chimbale chosasalala, mawu ake nthawi zina amaoneka ngati akutsalira m'mbuyo mwa biti, muli tizidutswa ta makatuni ndi nyimbo zachikondi za m'ma 1980, ndipo pansi pa nthabwala zonsezo muli munthu wolira m'bale wake. Madvillainy, chimene anapanga ndi pulodyusa Madlib mu 2004, chinalekeza pa nambala 179. Mulibe makolasi oti anthu aziyimba nawo, nyimbo zambiri sizikwana ndi mphindi 3 zomwe.

DOOM anamwalira pa 31 Okutobala 2020 ku Leeds, ndipo banja lake linalengeza patatha miyezi iwiri. Nyimbo zake zinayamba kumvedwa ndi anthu ochuluka kuposa pamene anali moyo. Wina atha kunena kuti ndi maliro amene anamukweza, ndipo n'zoona kuti imfa imakometsa mbiri ya woimba, ngakhale amene ntchito yake inali yapakatikati. Koma kwa DOOM umboni unalipo iye ali moyo. Earl Sweatshirt, Tyler, the Creator ndi Joey Bada$$ anali atamutchula kale ngati mphunzitsi wawo, ndipo mumamva m'kalembedwe kawo mmene mawu amagwirizanirana m'kati mwa mzere, osati kumapeto kokha.

Chimodzi chokha chotsiriza, chifukwa chikuonetsa kuti kugulidwa ndi kulemekezedwa n'zosiyana. 808s & Heartbreak cha Kanye West chinatuluka mu Novembala 2008 n'kufika pa nambala 1, koma okonda rap ambiri anachinyoza. Munthu anali atataya mayi ake chaka chapitacho, chibwenzi chake chitatha, ndiye m'malo mochita rap anayamba kuyimba ndi Auto-Tune, pulogalamu ya pa kompyuta yosintha mawu a woimba, pa ng'oma zozizira za makina a Roland TR-808. Anthu anati wasokonezeka. Patangotha miyezi itatu Drake anatulutsa So Far Gone, ndipo zaka khumi zotsatira zinadzaza ndi anyamata oyimba za kusungulumwa kwawo theka rap theka nyimbo, mpaka kufika kwa Juice WRLD. Zimene Kanye wakhala akulankhula ndi kuchita zaka zaposachedwa zakhumudwitsa anthu ambiri, ine ndemwe, koma sizikufafaniza zimene chimbalecho chinayambitsa.

Mwafunsa poyambira. Yambani ndi Illmatic chifukwa n'chachifupi, mphindi 40 zokha, ndipo muchimvetsere chonse kuyambira nyimbo yoyamba, osadumpha, osachita shuffle, mawu ake muli nawo pafoni chifukwa chizungu cha m'misewu ya ku Queens chimavuta poyamba. Mukatero pitani ku Reasonable Doubt, mudzamva nokha mmene anyamata awiri a mzinda umodzi amaonera moyo mosiyana, wina ataima pa windo, wina ali m'kati mwa malondawo. Paul's Boutique chimafuna mahedifoni abwino, pa sipika ya foni theka la ntchito yake limatayika. Madvillainy musachiweruze ulendo woyamba, chipatseni masabata angapo. Mystic Stylez muchisiye kumapeto, ndipo ndikuchenjezeni kuti mawu ake ndi achiwawa ndi amdima kwambiri, si oti muziika pa sipika pali ana kapena makolo.