Amayi akalowa mu PACE, owasamalirawo amawayang'anira ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Indiana, ku America. Ndaifupikitsa, ndipo dzina ndabisa monga mwa nthawi zonse:

"Amayi anga ali ndi zaka 78, anabwera kuno kalekale ndipo ndi nzika. Chaka chatha anadwala sitiroko, moti posamba ndi povala pamafunika munthu. Ine ndimagwira ntchito usiku. Kuchipatala anatiuza za PACE, akuti amayi azigona pakhomo pompano koma chisamaliro chonse chizichokera kumeneko, osalipira kanthu. Zakoma mopitirira moti ndayamba kukayika. Anthu amenewa amawayang'anira ndani? Akamawanyalanyaza amayi ndikadandaule kuti?"

Achemwali, pepani ndi matendawo. Kukayika kwanu sikolakwika, chikomekome cha mkuyu tonse timachidziwa. Koma PACE si chinyengo ayi. Ili m'malamulo a boma lalikulu la America, ndipo oiyang'anira alipo awiri: boma lalikululo ndi boma la chigawo (state). Vuto ndi loti oyang'anirawo amafika mochedwa, ndiye mbali ina ya ntchitoyo idzagwera inu.

Ndiyambe ndi kumene inachokera, chifukwa mbiri yake ikukhudzani. Mu 1971, ku Chinatown mumzinda wa San Francisco, mabanja a Chitchaina, Chifilipino ndi Chitaliyana anali ndi vuto lanu lomweli. Makolo afooka, ana ali pa ntchito, koma kukawasiya kunyumba zosungirako okalamba kunali ngati kutaya kholo. Dokotala wa mano William Gee ndi mayi wina wochokera ku Switzerland, Marie-Louise Ansak, anayambitsa bungwe la On Lok, mawu a Chikantoni onena za malo amtendere ndi chimwemwe. Mu 1973 anatsegula malo oti agogo azikaswerako masana, kuonedwa ndi nesi, kudya, n'kubwerera kwawo madzulo. Njirayi inafalikira m'zigawo zina, ndipo mu 1997 lamulo la Balanced Budget Act linaikhazikitsa pansi pa Medicare (inshulansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba ndi olumala) ndi Medicaid (thandizo la boma la zaumoyo la anthu opeza zochepa). Dzina lake lonse ndi Program of All-Inclusive Care for the Elderly, ndipo lero ikupezeka m'zigawo zoposa 30.

Wolowamo ayenera kukhala ndi zaka 55 kapena kuposerapo, akhale m'dera limene bungwelo limagwiramo ntchito, ndipo boma la chigawo litsimikize kuti wafooka kufika poyenera kugonekedwa kunyumba ya okalamba, koma kuti atathandizidwa angathe kukhala pakhomo bwinobwino. Za "osalipira kanthu" zija n'zoona kwa amene ali ndi Medicaid. Amene ali ndi Medicare yokha amalipira mwezi ndi mwezi, ndipo si ndalama zochepa. Funsani msanga kuti amayi ali mbali iti.

Tsono pamene pagona nkhani ndi pa kayendedwe ka ndalama. Boma silipira bungwe la PACE pa jakisoni aliyense kapena ulendo uliwonse wa kuchipatala. Limapereka ndalama yokhazikika pamwezi pa munthu aliyense, basi. Zonse zichokere m'thumba limenelo: dokotala, mankhwala, mafizo, matewera, chikuku, galimoto yowatenga, munthu wodzawasambitsa m'mawa. Amayi akagwa n'kuthyoka m'chiuno, bilu ya chipatala ndi ya bungwelo. Akafika poti pakhomo sizikuthekanso, kunyumba ya okalamba amalipiranso ndi iwo omwewo, ndipo saloledwa kuwachotsa chifukwa choti matenda akula.

Ubwino wake ukuonekeratu. Bungwe lanzeru limaona kuti kukhoma zogwirira kubafa n'kotchipa kuposa opaleshoni ya chiuno, ndiye limakhoma msanga. Koma thumba lomwelo lili ndi mbali ina. Ola lililonse la wosamalira limene sanatumize, dokotala wa mtima aliyense amene sanamuitane, ndalamayo yatsala kwa iwo. Malamulo onse a PACE, amene ali mu gawo lotchedwa 42 CFR Part 460, mukawawerenga modekha mupeza kuti ambiri analembedwa pofuna kutseka khomo limeneli.

Bungwe lililonse limasayina mgwirizano wa mbali zitatu: ilo, boma la chigawo, ndi CMS, nthambi ya boma lalikulu yoyendetsa Medicare ndi Medicaid. Zaka zitatu zoyambirira CMS imaliunika chaka ndi chaka, kenako imabwera malinga ndi mmene ikuonera chiopsezo. Ikapeza zolakwika ingathe kulamula kuti akonze, kuwalipiritsa chindapusa, kuwaletsa kulemba anthu atsopano, mwinanso kuthetsa mgwirizano. Zimenezi si zongolemba papepala. Mu 2021 CMS inaletsa kampani ya InnovAge kulandira anthu atsopano ku Sacramento, kenako ku Colorado, itapeza kuti okalamba ena sankalandira chithandizo chimene ankafunika. Chiletso cha ku Colorado chinachotsedwa mu 2023. Kampani imeneyi inali itangoyamba kumene kugulitsa masheya pamsika chaka chomwecho cha 2021. Kale PACE inali ya mabungwe osafuna phindu, makampani ochita malonda analoledwa mokwanira kuyambira 2015. Sindikunena kuti wofuna phindu aliyense ndi woipa, alipo a mpingo aulesi ndipo alipo amalonda akhama. Koma ine ndikanafunsabe kuti mwini wake ndani.

Onani bwino nkhani ya InnovAge ija. Pamene chiletso chinkabwera, agogo amene anaphonya madokotala awo anali ataphonya kale. Kafukufuku wa boma amawerenga mafayilo a miyezi yapita. Amayi anu akapanda kusambitsidwa Lachiwiri, wodziwa Lachiwiri lomwelo ndinu.

Lamulo limene ine ndimalikonda ndi la gulu loona za munthu aliyense. Limafuna maudindo 11: dokotala kapena wina wololedwa kulemba mankhwala, nesi, woona za umoyo wa pabanja, wa mafizo, wophunzitsa munthu kudzichitira zinthu monga kuvala ndi kudya, wokonza zosangalatsa, katswiri wa zakudya, mkulu wa malowo, wolongosola chisamaliro cha kunyumba, wosamalira wa tsiku ndi tsiku, ndi dalaivala. Inde, dalaivala. Amene analemba zimenezi ankadziwa moyo. Dalaivala ndi amene amafika pakhomo m'mawa, amaona kuti lero agogo akukoka mwendo, avala zadzulo zomwe, kapena sanamusekerere monga amachitira masiku onse. Dokotala amawaona atakhala kale pampando, atapukutidwa. Choncho mukapita kukaona malowo, funsani kuti zimene dalaivala ndi wosambitsa aona zimafika bwanji kwa nesi. Akayamba kukanda m'mutu, mwadziwa zambiri kuposa zimene zili m'kabuku kawo kokongola.

Gulu limeneli liyenera kuwaunikanso amayi pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, komanso thanzi lawo likasintha, ndipo dongosolo la chisamaliro liyenera kukonzedwa pamodzi ndi iwo kapena inu. Pemphani kope lake. Muliike pa fuliji.

Tifike pa funso lanu lachiwiri. Njira zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Ngati nkhani ndi khalidwe, mwachitsanzo wosamalira wamwano, galimoto yochedwa, chakudya chozizira, limenelo ndi dandaulo, ndipo bungwe liyenera kulilemba n'kuliyankha. Koma ngati mukufuna chithandizo china, kaya maola owonjezera a wosamalira, kaya bedi lokwera ndi kutsika, limenelo ndi pempho, ndipo pempho lili ndi wotchi yake. Mungalinene pakamwa kapena kulemba, kwa aliyense wosamalira amayi. Likafika ku gulu lija, ayenera kuyankha pasanathe masiku atatu, ngakhale nthawi zina amaloledwa kuwonjezera masiku ochepa. Asanakane ayenera kuwaona amayi maso ndi maso, ndipo kukanako kubwere ndi kalata yonena chifukwa chake. Mukachita apilo, woiona akhale munthu amene sanali nawo pa chigamulo choyamba, ndipo yankho libwere pasanathe masiku 30, kapena maola 72 ngati kudikira kungaike moyo pachiswe. Akakanabe, nkhani imatuluka kunja, ku Medicaid ya chigawo kapena ku Medicare.

Apa ndiye ife a kwathu timagwa. Tinaleredwa kuti kwa dokotala sitiyankha, ndipo chinthu chaulere sitichitsutsa. Amayi anu akafunsidwa kuti zikuyenda bwanji adzati "zili bwino mwana wanga, zikomo" ngakhale chilonda chikutukusira kumsana. Inunso mudzangoti "amayi akuvutika usiku" n'kumadikira kuti amva okha. Mawu otero salizitsa wotchi ija. Nenani mosazungulira kuti "ndikupempha wosamalira usiku katatu pa sabata", lembani tsiku ndi dzina la amene mwamuuza, ndipo tumizaninso imelo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo ngati Chingerezi cha amayi chinabwerera m'mbuyo ndi sitiroko ija, monga zimachitikira ena, pemphani womasulira pa nthawi yowaunika. Musalole kuti "yes, yes" wawo waulemu alembedwe ngati yankho. Mukaona zizindikiro za nkhanza zenizeni, mabala osadziwika kapena ndalama zosowa, musadikire njira za m'bungwemo, imbani ku Adult Protective Services, ofesi ya chigawo chanu yoteteza akuluakulu ku nkhanza, tsiku lomwelo.

Pali zinthu ziwiri zimene muyenera kuzidziwa musanasayine. Choyamba, PACE imakhala inshulansi yawo yonse. Dokotala amene anawazolowera angafunike kumusiya ngati sali m'gulu la bungwelo, ndipo mukawatengera kwina popanda chilolezo, kupatula pa ngozi, bilu ingakhale yanu. Kutuluka n'kololedwa nthawi iliyonse popanda kupereka chifukwa, ndipo kumayamba kugwira ntchito pa 1 mwezi wotsatira.

Chachiwiri n'chimene kabuku kawo sikanalembere anthu ngati ife. Munthu akachoka m'dera la bungwelo masiku opitirira 30 motsatizana popanda kugwirizana nawo, angathe kuchotsedwa, ndipo chithandizo cha kunja kwa America salipira. Ulendo wa kumudzi suthera milungu iwiri, makamaka kukakhala maliro kapena kumanga chiliza. Ngati amayi akulakalaka kukaonako kwawo, ikambeni nkhaniyi musanagule tikiti, mupemphe kalata yovomereza masikuwo, ndipo mufunse kuti mankhwala a BP ndi ochepetsa kuundana kwa magazi adzakupatsani okwanira masiku angati.