Ndatopa kupemphera, mphatso sikubwera

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 33, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndili m'banja koma mphatso palibe. Ukwati wathu tidadalitsa kutchalitchi ndipo tonse awiri ndife opemphera. Ndasala kudya, ndagona kuphiri, ndayenda kwa aneneri. Wina adandiuza kuti mayi anga aang'ono adandimanga m'mimba, ndiye kuti andimasule ndifese mbewu. Ndidagulitsa makina anga osokera n'kupereka ndalama zonse, koma mwezi ukatha ndimangoona zomwe zija.

Apongozi ayamba kunena poyera kuti ndikungodzaza chimbudzi, ndipo alamu anga akuuza mchimwene wawo kuti apeze wina. Amuna anga angoti zii.

Chomwe chikundiopsa n'chakuti sindithanso kupemphera. Ndikagwada mawu sabwera. Lamulungu lapitali kudali ubatizo wa ana, ine ndidatuluka kukalirira kuseri kwa tchalitchi. Ndimamufunsa Mulungu kuti ndidamulakwira chiyani. Kodi chikhulupiriro changa chatha?

Wosweka mtima, Blantyre

Mwana wanga,

Chikhulupiriro chako sichidathe ayi. Munthu amene wasiyana naye Mulungu samufunsanso mafunso, amangodzipitira. Iwe ukumufunsabe kuti udamulakwira chiyani, ndipo ukudandaula kuti mawu a pemphero akukuthawa. Ameneyo ndi munthu amene wagwirabe, kungoti manja atopa.

Tsegula 1 Samueli mutu 1. Hana adali ndi mkazi mnzake, Penina, amene ankamuputa chaka ndi chaka chifukwa cha nkhani yomweyi, mpaka Hana ankakana chakudya. Atapita ku Silo, pemphero lake lidalibe mawu omveka, milomo yokha ndiyo inkagwedera, moti wansembe Eli adamuyesa woledzera. Pemphero losokonekera limenelo Mulungu adalimva. Tsono ukagwada mawu osabwera, khala pomwepo ulire. Ukafuna mawu obwereka, werenga Masalimo 13, pomwe Davide akumufunsa Mulungu kanayi konse kuti zimenezi zitha liti. Masalimo 88 amatha ali mumdima, opanda n'chitonthozo chomwe, koma adalembedwa m'Baibulo kuti anthu ngati iwe adziwe kuti kudandaula pamaso pa Mulungu si tchimo.

Sindikulonjeza kuti chaka chamawa udzakhala utabereka kumbuyo. Sindine mneneri, ndipo amene amalonjeza zotere ndiwo akudyera makina ako. Hana adapatsidwa Samueli, inde. Koma Paulo adapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo sudachoke. Adangouzidwa kuti chisomo chimukwanira. Onsewo adali okondedwa a Mulungu. Kusabereka si chilango, komanso mwana si katundu woti Mulungu n'kugulitsa kwa amene wafesa zambiri. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro adamudzudzula koopsa. Kwa mneneri uja usabwerereko, ndipo mayi ako aang'ono usawade chifukwa cha mawu a munthu amene sawadziwa n'komwe. Mabanja ambiri apasuka ndi maulosi otere, ndipo zimandiwawa.

Pali chinthu chomwe sudatchule m'kalata yako, ndicho chipatala. Madokotala amati banja likatha chaka chathunthu likukhala malo amodzi popanda kulera koma mimba osaoneka, ndi nthawi yokayezetsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake. Ndiye suli wekha. Komanso vuto silikhala kwa mayi nthawi zonse monga apongozi ako akuganizira. Kawirikawiri limapezeka kwa bambo, mbewu zili zochepa kapena zofooka, ngakhale kuchipinda zonse zikuyenda bwino. Kwa mayi mwina njira zodutsa mazira zidatsekeka ndi matenda omwe sadachizidwe bwino, mwina muli zotupa m'chiberekero, mwinanso mazira sakukhwima mwezi ndi mwezi. Zina mwa izi zimachizika. Muyambire kuchipatala cha kwanuko, akutumizeni ku Queens kwa madokotala a amayi, ndipo mupite awiri. Kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zomwe amamuyeza mayi, choncho bambo asazembe. Kupita kuchipatala sikuchepetsa Mulungu. Luka amene adalemba Uthenga Wabwino adali sing'anga.

Kukhala chete kwa amuna ako ndiko kukundidetsa nkhawa kuposa pakamwa pa apongozi. Mwina nawonso ali ndi mantha kuti vuto lingapezeke kwa iwo, anzawo n'kumawatcha gojo. Sankha tsiku lomwe simunakangane, uwauze modekha kuti mawu a amayi awo akukupweteka ndipo woyenera kuwaletsa ndi iwowo. Uwakumbutse za Isake. Adakwatira Rebeka ali ndi zaka 40, mapasa awo, Esau ndi Yakobo, adabadwa ali ndi zaka 60, ndipo Baibulo limati iye ndiye ankamupempherera mkazi wake. Sitimva kuti adakatenga wina. Zikakanika, itanani ankhoswe a mbali zonse pamodzi ndi abusa kapena mkulu wa mpingo amene amasunga chinsinsi. Wina akakunong'onezani zolowetsa fisi m'nyumba, mukane nonse awiri, chifukwa kumeneko n'kuitana matenda ndi chinsinsi chomwe chidzakudyani moyo wonse.

Tsiku la ubatizo wa ana likafikanso ndipo mtima sukulola, khala kunyumba, palibe mlandu. Koma usadzipatule kotheratu. Mu chigwirizano cha amayi funa mayi mmodzi wachikulire wosayenda ndi nkhani, umuuze zonse monga wandiuzira ine, azikupempherera pa masiku omwe iwe sungathe. Ndalama zomwe ukanapereka kwa mneneri wina uyambe kusunga, uwombole makina ako, manja akhale ndi chochita. Mukabwerako kuchipatala undilemberenso, undiuze zomwe madokotala apeza ndi momwe bambo azilandirira.

Azakhali