Alamu, musadikire Lolemba

Alamu, uthenga wanu ndaumva, zithunzi ndaziona. Ndingoyankhula, kulemba kundichedwetsa. Mwati mwanayo anayamba phenobarbitone wa khunyu uja masabata awiri apitawo, dzana thupi linatentha, maso afiira, milomo yang'ambika, ndiye lero patuluka matuza pachifuwa ndi kumsana. Mukufunsa ngati ndi chikuku kapena katsabola, komanso ngati mungadikire Lolemba.

Ayi, musadikire. Mankhwala a madzulo ano musamupatse, ndipo munyamuke lero lomwe kupita kuchipatala chachikulu ku Mangochi boma. Ndikudziwa mukuopa kuti akasiya agwanso. N'chifukwa chake ndikuti lero, akamuone ndi kumusinthira mtundu wina, osati mungosiya n'kukhala naye pakhomo.

Pafoni sindingagamule, koma chikuku sichitulutsa matuza, ndipo katsabola amayabwa. Inu mwati mwanayo sakukanda, akungolira mukamukhudza. Khungu lopweteka, madontho akuda, zilonda m'kamwa ndi maso otupa kwa mwana amene wangoyamba mankhwala atsopano, ife kuwodi timaganiza kaye za Stevens-Johnson. Dzinali ndi la madokotala awiri a ana a ku America amene analemba za matendawa mu 1922. Chitetezo cha m'thupi chimadana ndi mankhwalawo n'kuyamba kuwononga khungu la mwini wake, mpaka limasupuka ngati wapsa ndi madzi owira. Likasupuka osafika 10 peresenti ya thupi amatchula dzina limenelo, likapitirira 30 peresenti amati TEN, ndipo imeneyo imapha. Zimayenda mofulumira, alamu, mwana wa m'mawa si amene mudzamuone mawa.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti sizibwera tsiku loyamba. Kawirikawiri papita sabata imodzi mpaka anayi, munthu waiwala kale kuti pali mankhwala atsopano. Odziwika nazo ndi a khunyu monga phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin, komanso Bactrim, Fansidar ndi nevirapine. Koma abale nonse pagulu pano mumve bwino, izi n'zosowa kwambiri. Ana ambirimbiri akumwa mankhwala omwewa bwinobwino, wina asakasiyitse mwana wake Bactrim chifukwa cha mawu angawa.

Ponyamuka tengani kabuku kake ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene wamwa miyezi iwiri yapitayi, ngakhale a pagolosale, ngakhale pepala lokha ngati anatha. Matuza musaboole. Musapake Colgate, dzira, kapena zitsamba, khungu lija lili poyera, tizilombo tilowa mosavuta. Mumufunditse chitenje chochapa bwino, chofewa, osamanga. Ngati akumeza, muzimupatsa madzi pang'onopang'ono ndi supuni, ndi kutentha kwa kunoku amauma msanga. Sizipatsirana ayi, mumunyamule mopanda mantha. Agogo akayamba zoti mwanayu wachitidwa chipongwe, ayankheni mwaulemu kuti tikambirana mukabwerako.

Kumeneko amugoneka. Amuika dripu chifukwa pamene khungu lachoka madzi amatayika kwambiri. Amupatsa opha ululu, zilonda azitsuka n'kuziphimba ndi goze wa Vaseline kuti asamamatire. Akalephera kumeza amulowetsa kachubu pamphuno kodyetsera phala lamadzi ndi mkaka. Musakane kachubuko, amayi ambiri amakaopa, koma khungu silimera mwana ali ndi njala. Akaona kuti pasupuka pakulu angakutumizeni ku Zomba Central kapena ku Queens ku Blantyre, komwe kuli wodi ya anthu opsa.

Ndiye maso. Apa ndiye mundimvetsetse. Khungu limamera, pakatha masabata awiri kapena atatu latsopano labwera, mwina la mawangamawanga, zikhadabo zina kuthothoka n'kumeranso. Koma maso akaonongeka amakhala choncho. Chikope chimamatirira ku diso, n'kusiya chipsera, mwana n'kukula ndi maso ouma, oopa dzuwa, ena osaona n'komwe. Ndiye tsiku loyamba lomwelo mupemphe kuti a zamaso amuone, musachite manyazi kukumbutsa. Mankhwala odonthezera m'maso amene akupatseni muzitsata nthawi yake ngakhale pakati pa usiku, manthongo muzipukuta mmene anamwino akuonetsereni. Muwauzenso ngati akulira pokodza, chifukwa zilonda zomwezi zimatulukanso kumaliseche.

Akadzatuluka, alembe dzina la mankhwalawo ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha kabuku, ndipo asadzamwenso moyo wake wonse. Carbamazepine ndi phenytoin n'zapachibale ndi phenobarbitone, thupi likakana mmodzi likhoza kukananso enawo, ndiye kulikonse mukapita muzinena musanalandire mankhwala.

Achimwene, ngati mukumva, tumizani ya mayendedwe pa Mpamba panopa, apeze galimoto, panjinga yamoto mwanayu akhuzika. Alamu, mukadutsa pa mlatho wa Bakili Muluzi mundiimbire, ndikakudikirirani pageti.