Mkanda wa ngale wa pa okushoni: ndipikisane nawo kapena ndiusiye?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakhala ku Leeds. Mwana wawo wamkazi akulowa m'banja ku Blantyre miyezi ikubwerayi, ndipo iwo akufuna kudzamuveka mkanda wa ngale pa tsikulo. Analemba motere, ndangodulako pang'ono:

"Ndaona mkanda pa okushoni ya eBay. Alemba kuti ndi natural South Sea pearls, mamilimita 12, giredi AAAA, ndipo akuti pali satifiketi. Mtengo wafika pa mapaundi 38, kwatsala masiku anayi. Pachithunzi ukuwala mochititsa kaso. Ndipikisane nawo? Nanga munthu angadziwe bwanji kuti ngale ndi zenizeni asanalipire? Sindikufuna kukachita manyazi pamaso pa asewere anga."

Mayi, zikomo pondilembera musanaike ndalama, ndipo mafuno abwino kwa mwana wathuyo. Mkanda umenewo usiyeni. Sindinauone, koma mawu amene wogulitsayo walemba ndi mtengo umene mwatchulawo sizingagone nyumba imodzi. Ndifotokoza chifukwa chake, kenako tikambirane zimene mungagule ndi ndalama zomwezo, pakuti ngale zenizeni zilipo zoti mungazikwanitse.

Mawu oti natural, kwa anthu a malonda a ngale, amatanthauza chinthu chimodzi chokha: ngale imene inapangika yokha m'kati mwa nkhono ya m'madzi popanda dzanja la munthu. Kale ngale zonse zinali zotere. Anthu ankamira pansi pa nyanja kufupi ndi Bahrain, kapena pakati pa India ndi Sri Lanka, n'kutsegula nkhono mazanamazana osapeza yobulungira ngakhale imodzi. N'chifukwa chake mu 1917 kampani ya Cartier inatha kusinthanitsa mkanda wa mizere iwiri ya ngale ndi chinyumba chonse cha mumsewu wa Fifth Avenue ku New York. Mu 2018 ngale imodzi yokha ya mfumukazi Marie Antoinette inagulidwa madola pafupifupi 36 miliyoni pa okushoni ya Sotheby's ku Geneva. Ngale za mtundu umenewu sizigwera pa mapaundi 38, ngakhale wogulitsa atakhala wosadziwa chotani.

Zimene timaziona m'masitolo lero, pafupifupi zonse, ndi za nkhono zoweta, zimene amazilemba kuti cultured. Ntchitoyi inayambira ku Japan, kumene Kokichi Mikimoto anatulutsa ngale yake yoyamba mu 1893. Mlimi amatsegula nkhono yamoyo, n'kulowetsamo kamkanda kosemedwa kuchokera ku chigoba pamodzi ndi kachidutswa ka mnofu wa nkhono ina. Nkhonoyo imayamba kukuta kamkandako ndi timiyalo topyapyala towala, mwezi ndi mwezi, ndipo khungu limeneli ndi lija amalitcha nacre. Ngale zoweta si feki ayi. Ndi nkhono yomwe yazipanga, munthu wangoyambitsa.

M'gulu limeneli ndi mmene muli South Sea imene mwaionayo. Imachokera ku nkhono yaikulu ngati mbale ya nsima, imene amaweta kufupi ndi Broome ku Australia, ku Indonesia ndi ku Philippines. Nkhono imodzi imabereka ngale imodzi pa nthawi, ndipo pamatenga zaka ziwiri kapena kuposa. Tsono werengani nokha: mkanda wa masentimita 45 wa ngale za mamilimita 12 umafuna ngale zoposa 30, zonse zofanana kukula ndi mtundu. Wotere umagulidwa mapaundi masauzande. Palinso mitundu ina ya ngale zoweta. Akoya ya ku Japan ndi yaing'ono, kawirikawiri mamilimita 6 mpaka 8, koma imawala ngati galasi. Tahitian ya ku French Polynesia ndi yakuda mwachibadwa, yokhala ndi kubiriwira kapena kufiirira kwake. Ndiye pali za m'madzi opanda mchere, freshwater, zimene zambiri zimachokera ku China, makamaka dera la Zhuji m'chigawo cha Zhejiang. Kumeneko nkhono imodzi imatha kutulutsa ngale 20 kapena 30 nthawi imodzi, n'chifukwa chake mtengo wake ndi wotsika.

Nanga wa mapaundi 38 uja ndi chiyani? Bwererani pa tsambalo muwerenge mzere uliwonse modekha, mpaka kunsi kwenikweni. Ndikukhulupirira kuti penapake mupeza kamawu koti shell. Amalemba kuti South Sea shell pearl, ndipo diso lathu limathamangira pa South Sea, n'kudumpha kamawu kapakatiko. Shell pearl ndi mkanda wopangidwa ku fakitale kuchokera ku chigoba, n'kuupaka utoto wowala. Mawu ena a banja lomweli ndi faux, simulated, ndi style. Palinso Majorica ya ku Spain, imene ndi galasi lokutidwa mwaluso. Eni ake sabisa kuti ndi yopanga, koma ikafika m'manja mwa wogulitsa wachiwiri dzinalo limatha kumveka ngati mtundu wa ngale ya m'nyanja.

Za AAAA musatekeseke nazo. Palibe bungwe la dziko lonse limene limagawa zilembo zimenezi. Wogulitsa aliyense ali ndi muyeso wake, ndipo palibe womuletsa kuwonjezera A wachisanu. Satifiketinso ili pawiri. Pali kakhadi kosindikizidwa ndi wogulitsa yemweyo, kamene sikatsimikiza kanthu. Ndiye pali lipoti la labotale yodziwika, monga GIA ya ku America, SSEF ya ku Basel, Gübelin ya ku Lucerne, DANAT ya ku Bahrain, kapena Pearl Science Laboratory ya ku Japan. Lipoti lotere limakhala ndi nambala yake, ndipo mutha kufunsa ku labotaleko ngati nambalayo ndi yawo. Iwo ndi amene ali ndi makina a X-ray oonera m'kati, njira yodalirika yosiyanitsira ngale yachilengedwe ndi yoweta. Kupimitsa kokhako kumaposa mapaundi 38.

Vuto lalikulu la okushoni ya pa intaneti ndi lakuti manja sagwira ntchito. Ku okushoni ya fodya ku Kanengo wogula amapisa dzanja m'belo, kutulutsa tsamba, kulitambasula, kulinunkhiza. Inu muli ndi chithunzi chokha, ndipo chithunzi chimajambulidwa ndi mwini katundu, pa kuwala kumene wasankha yekha. Choncho lemberani wogulitsa, aliyense amene mukumuganizira, mumupemphe zithunzi zatsopano. Mkanda auike pa pepala loyera pafupi ndi windo masana, osayatsa fulashi, pambali pake aike rula ndi kapepala kolembapo tsikulo ndi dzanja. Ajambule pafupi kwambiri pa bowo lolowera ulusi. Ajambulenso kuseri kwa chomangira, pamene pamakhala chidindo: 925 ndi siliva, 585 ndi golide wa 14K, 750 ndi wa 18K. Wogulitsa woona amayankha tsiku lomwelo kapena mawa lake. Amene akuzemba, kapena kukutumizirani zithunzi zomwe zija, wakuyankhani kale.

Pa zithunzizo, choyamba kuyang'ana ndi kuwala. Pa ngale yabwino mumaona windo lija m'menemo, mizere yake yooneka bwino, ndipo kuwalako kumakhala ngati kukuchokera pansi pa khungu. Pa ngale yotsika windolo limangokhala chigamba choyera chosaoneka malire, ngati choko. Ine pamenepa ndi pamene ndimaikapo ndalama zanga. Ngale yaing'ono yowala imakongoletsa khosi kuposa yaikulu yozimirira, ndipo pa zithunzi za ukwati kusiyanako kumaonekera patali. Chachiwiri, ngale zenizeni sizifanana ndendende. Ina imakhala ndi kadontho, ina kamzere, ina yatalikirako pang'ono. Mukaona zonse zili chimodzimodzi ngati zotuluka m'chikombole, zopanda chilema n'chimodzi chomwe, pa mtengo wa nsapato za ana, dziwani kuti zatulukadi m'chikombole.

Bowo lija ndi limene limaulula zambiri, ndipo ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Zaka zingapo zapitazo ndinagula ndolo za ngale zakuda kwa wogulitsa wina pa intaneti, atalemba kuti ndi Tahitian. Zitafika zinali zokongola ndithu, zozizira m'manja, zolemera bwino. Patapita miyezi ngale imodzi inasomphoka pa kachitsulo kake. Nditaiika pansi pa galasi lokulitsa, ndinaona kuti m'mphepete mwa bowo muli mzere wakuda bii ngati wa inki, utoto utaunjikana, pamene m'kati mwa bowomo munali motuwa. Pa kachilema kena ka pakhungu utotowo unalinso utadikha chimodzimodzi. Zinali ngale zenizeni, koma za freshwater zonyikidwa mu utoto, ndipo ndinalipira kangapo kuposa mtengo wake. Zinandipweteka, chifukwa ndinagulira munthu amene ndimamukonda. Akuluakulu ankanena za chikomekome cha nkuyu, ndipo pa ngale nyererezo mumazipeza pa bowo. Pa zopanga, bowo limakhala lalikulu, utoto utatukuka m'mphepete kapena utasupuka, galasi kapena pulasitiki ikuonekera pansi. Pa zenizeni limakhala laling'ono, m'mphepete mwake mwakuthwa bwino.

Muonenso mbiri ya wogulitsayo, osati nyenyezi zokha. Tsegulani zimene wagulitsa kale. Ngati mkanda "wa agogo anga" womwewo waugulitsa kasanu mwezi uno, nkhani yatha.

Tsono ngakhale mutachita zonsezi, chitsimikizo chenicheni chimabwera katundu ali m'manja. N'chifukwa chake ndimati musapikisane pa mkanda umene simungaubweze. Poti muli ku Britain, lamulo limakupatsani masiku 14 obweza katundu wogula pa intaneti ngati wogulitsayo ndi wabizinesi. Kwa munthu wamba wongogulitsa zake, ufulu umenewo palibe, mumangodalira chitetezo cha eBay pa katundu wosiyana ndi zimene zinalembedwa, ndipo chimenecho chili ndi masiku ake owerengeka. Lipirani pa tsamba pomwepo. Wina akati tikambirane pa WhatsApp, mutumize ku banki ndikuchotserani, kanani, chifukwa mukatuluka pamenepo palibe wokuimirirani. Kwa anzathu amene mukuwerenga muli ku Malawi, kubweza phukusi kunja ndi kodula, ndipo msonkho wa MRA mumakhala mutalipira kale. Ndi bwino katundu ayambe wafikira kwa m'bale amene ali kunjako, amuyese, kenako abwere naye.

Phukusi likafika, musachotse kapepala kalikonse kapena kudula ulusi. Tengani ngale imodzi muikhudzitse mopepuka kunsonga kwa dzino lakutsogolo, n'kuiyendetsa pang'ono. Yeniyeni imamveka kukhakhala ngati muli timchenga tosalala, chifukwa cha timiyalo tija. Yagalasi kapena pulasitiki imaterera. Mukakhuza ngale ziwiri mofatsa mumamva zomwezo. Yeniyeni imayamba yazizira pakhungu kenako n'kufunda, pamene pulasitiki imakhala yofunda kale ndiponso yopepuka. Kuyesa kwa dzino kumangokuuzani kuti pali nacre. Sikunena ngati ndi South Sea kapena freshwater, ndipo ma shell pearl ena amakhakhalako pang'ono, choncho muonenso bowo. Ngati ndi Akoya, gwirani mkanda mbali zonse ziwiri muugubuduze pansi pa nyali. Mukaona ngale zikuphethira, kuwala n'kuzima, kuwala n'kuzima, ndiye kuti khungu lake ndi lopyapyala moti kamkanda kam'kati kakuonekera, ndipo sizichedwa kusupuka. Za viniga ndi moto zimene anthu amaonetsa m'mavidiyo, chonde musayese. Viniga amadya ngale yeniyeni, ndipo katundu woonongeka sabwezedwa. Mukakayikabe, pitani nawo kwa wokonza ndolo ndi mphete wa m'tauni mwanu, auone ndi galasi lake.

Ndikanakhala inu, Mayi, ndikanasaka freshwater yoyera ya mamilimita 7 mpaka 8, yobulungira kapena yoyandikira, masentimita 45, kwa wogulitsa wabizinesi amene walemba poyera kuti ndi freshwater cultured. Munthu amene watchula katundu wake dzina lotsika moona ndimamukhulupirira kuposa wa ma A anayi. Zambiri za mtundu umenewu zilibe kamkanda m'kati, ndi nacre yokhayokha, choncho zimapirira zaka zambiri, ndipo mwana wanu angadzavekenso wake. Muonetsetse kuti pakati pa ngale iliyonse ndi inzake pali mfundo. Mfundozo zimateteza kuti zisakhulane, komanso ulusi ukaduka pa phwando imagwa imodzi yokha, osati kumwazika holo yonse. Ngati mtima uli pa Akoya, nyumba za okushoni za ku Britain zimagulitsa mikanda yakale, ndipo mutha kupempha lipoti la mmene ulili musanapikisane. Kumbukirani kuti pa mtengo womaliza amawonjezera gawo lawo, nthawi zambiri loposa 20 peresenti, ndipo mkanda wakale umafuna kutungidwanso pa ulusi watsopano.

Lembani papepala ndalama imene simupitirira musanayambe, chifukwa mphindi zomaliza za okushoni zimatenthetsa mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mikanda yabwino imatuluka sabata iliyonse. Gulani kukadali miyezi iwiri, kuti ngati pali kubweza mukhale ndi mpata wosakanso wina.

Pa tsikulo, muwauze amene akukonza mkwatibwi kuti mkanda ndi womaliza kuvala, pefyumu ndi mankhwala opopera tsitsi zitauma, chifukwa zimenezi zimapha kuwala kwa ngale. Ku Blantyre kukatentha thukuta limakhala lambiri, ndiye madzulo auvule, aupukute ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono, n'kuusunga m'kathumba ka nsalu pawokha, kutali ndi mphete ndi zibangili zoti zingaukande.