Ana onse amadya phala, tilembe kuti onse ndi osauka?

FUNSO: Ndili m'komiti ya sukulu ya pulayimale ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Bungwe lina la ku America latitumizira fomu yopemphera thandizo, ndipo likufunsa kuti pa ana 100 alionse, ndi angati amene amadya chakudya chaulere kapena chotsitsidwa mtengo. Kwathu phala likaphikidwa amadya ana onse. Tilembe 100? Mayi wa ku Mufakose.

YANKHO: Ayi amayi, musalembe 100. Funsolo analikonzera sukulu za kwawo. Ku America, mu ndondomeko yodyetsa ana nkhomaliro kusukulu ya National School Lunch Program imene inayamba mu 1946, amayamba ayang'ana ndalama zimene banja limapeza. Boma lili ndi mlingo wa umphawi. Banja likamapeza zosapitirira 130 peresenti ya mlingowo, mwana amadya ulere. Likamapeza pakati pa 130 ndi 185 peresenti, amalipira zosapitirira masenti 40 pa nkhomaliro. Motero akati ana 70 pa 100, akunena za m'matumba mwa makolo.

Ngakhale komweko muyezowu sukugwiranso bwino. Kuyambira 2014 sukulu za m'madera osauka m'dziko lonselo zinaloledwa kudyetsa ana onse popanda kufunsa za ndalama, ndiye mwana wa dokotala naye amawerengedwa nawo.

Kwanuko chiwerengero cha odya phala chimangotsata thumba la ufa. Ufa ulipo, ndi ana onse. Ufa watha, palibe ndi mmodzi yemwe, chikhalirecho umphawi sunasunthe.

Pamalo a yankholo lembani kuti sukulu imadyetsa ana onse mosasankha, kenako perekani ziwerengero izi. Choyamba, ana amene fizi yawo imalipidwa ndi BEAM, ndondomeko ya boma la Zimbabwe yolipirira ana ovutika imene inayamba mu 2001. Koma chenjerani: mndandanda wa BEAM umathera pamene pathera ndalama zimene sukulu yapatsidwa, choncho pemphani kwa ahedi chiwerengero cha ana amene anaoneka kuti ndi ovutika koma malo anawathera. Nthawi zambiri umphawi weniweni umabisala pamenepo.

Chachiwiri, onani m'buku la ndalama ana amene ali ndi ngongole ya fizi ya materemu awiri kapena kuposerapo. Chotsanimo a BEAM, chifukwa ngongole yawo imabwera kaamba koti boma limachedwa kulipira. Ngati mpata ulipo, tengani kaundula wa kalasi wa masabata anayi, muyerekeze kuchuluka kwa ojomba masiku ophika ndi masiku osaphika.

Ziwerengerozi musaziphatikize, poti mwana mmodzi angapezeke pawiri kapena patatu. Chilichonse chikhale pachokha, pambali pa chiwerengero cha ana onse a pasukulu ndi teremu imene mwawerengera. Mayina a ana asalembedwe. Pomaliza onjezerani mzere wonena kuti ana amene anasiya sukulu, monga aja ogulitsa malonda pa msika wa Mbare Musika ku Harare, m'mabuku amenewa mulibe.