Yankho kwa alamu pa za kasitolo ka kuseri kwa nyumba

Eee, alamu, mwaswera bwanji ku Chipokako? Funso lanu ndalimva. Mukufuna kasitolo kuseri kwa nyumba kosungiramo chimanga, njinga ndi makasu, ndiye mukufunsa ngati kuzika mitengo ya bulugamu n'kukhoma malata mbali zonse kungakwane. Kukwana kungakwane, koma kwa zaka ziwiri mwina. Chiswe chimayamba kudya mtengo pansi pomwe simukuona, ndipo ndi kutentha kwa Salima mu Okutobala, chipinda cha malata okhaokha chimasanduka uvuni. Ine ndikuti mangani cha njerwa, ndipo ndalama zambiri zipite pansi ndi padenga.

Kukula kwake chitani mamita 4 mulitali, 3 mulifupi. Khomani zikhomo zinayi, kokani chingwe, muyeze kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yopingasa nayo. Pakhale mamita 5 ndendende, mbali zonse ziwiri. Pakapanda kutero nyumba yapotoka, ndipo mudzazionera pokhoma malata, akamakana kulingana ndi khoma.

Maziko kumbani masentimita 45 mulifupi, 60 kuya. Koma onani dothi. Ngati pamalopo ndi pa makande, lakuda lija limang'ambika m'chilimwe, pitirizani kukumba mpaka mupeze lolimba, chifukwa makande amafufuma ndi mvula n'kunyala ndi dzuwa, khoma limang'aluka nawo. Musanathire konkire, wazani mankhwala a chiswe m'ngalandemo ndi pansi ponse. Konkire ya maziko: ndowa imodzi ya simenti, zitatu za mchenga, zisanu ndi imodzi za miyala ya kwale, yochindikala masentimita 15. Muziyeza ndi ndowa imodzi yomweyo, osati fosholo. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wokhakhala. Wosalala kwambiri wa m'mbali mwa nyanja umamwa madzi ambiri ndipo konkire yake imafumbutuka. Mukaufinya m'manja n'kukusiyirani matope, usiyeni.

Njerwa za maziko ziyalidwe ziwiriziwiri mpaka zikwere masentimita 30 pamwamba pa nthaka. Apa musaumire, madzi a mu Januwale akathamanga pabwalo asapeze polowera. Thirani dothi mkatimo pang'onopang'ono, kunyowetsa ndi kusinja, kenako yalani pulasitiki wakuda wochindikala, afike mpaka pamwamba pa njerwa za maziko. Ameneyo ndiye amatchinga chinyezi. Silabu ikhale masentimita 10, muyezo wake ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala. Idya matumba a simenti pafupifupi 8 a makilogalamu 50. Muziithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, n'kuphimba ndi masaka. Ikauma msanga ndi dzuwa lathuli imang'ambika.

Khoma la njerwa imodzi likwana, bola muike nsanamira ya njerwa ziwiri pakati pa makoma ataliwo ndi m'mbali mwa chitseko. Matope ake imodzi ya simenti, zisanu ndi imodzi za mchenga. Njerwa zonse pamodzi ndi za maziko ndi 3,000 kapena kuchepera pang'ono, zitengera chikombole. Kutsogolo khoma lifike mamita 2.6, kumbuyo 2.1, kuti denga lipendekere mbali imodzi. Siyani timabowo ta mpweya kumwamba kwa makoma awiri oyang'anizana, mutseke ndi waya wa sefa chifukwa cha makoswe.

Tsopano denga, pano mvetserani bwino. Mwera ukamawomba mu Juni ndi Julayi, kapena chimphepo cha mvula yoyamba, sichisasula lata limodzi ayi, chimanyamula denga lonse ndi matabwa ake ngati lidangosanjikidwa pakhoma. Ndiye pomanga, kwirirani waya wochindikala kapena hoop iron (kachitsulo kopyapyala konga lamba) mizere isanu ya njerwa kuchokera pamwamba, pamalo paliponse podzakhala thabwa, mudzamangire thabwalo mothinitsa. Kusanjika miyala padenga si kumanga. Matabwa a 2 by 4 atalikirane masentimita 90, opingasa a 2 by 2 chimodzimodzi. Onse apakidwe Solignum, mankhwala oteteza matabwa ku chiswe, kapena oyilo wakutha wa galimoto asanakwere, makamaka kunsonga kodulidwa. Mbali yotsika ya denga iyang'ane kummwera chakum'mawa, komwe mwera umachokera, kuti mphepo izitsetsereka pamwamba m'malo molowa kunsi.

Malata tengani a mafiti 12, geji 28 ngati thumba lilola, apo ayi 30. A 32 ndi opepuka, msomali umang'amba. Pafunika 7, koma kukula kwa malata kumasiyana, ndiye mukapita ku Kamuzu Road tengani tepi mukayeze nokha, mwina mugule 8. Asanjikizane mizere iwiri, ndipo msomali wa chipewa ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. Pa matabwa opingasa a kumapeto khomani msana uliwonse, nsonga za misomali muzipinde kunsi.

Chitseko chitsegukire kunja, malo mkatimo ndi ochepa. Matumba a chimanga musawagoneke pa simenti, aikeni pa matabwa okwera pang'ono, atalikirenso khoma kuti mpweya uzidutsa. Mukayamba kukumba mundijambulire dothilo munditumizire pagulu pano, ndikuuzeni ngati masentimita 60 akwana. Mupereke moni kwa achemwali ndi ana.